Mphepo Yobisika M'galimoto ya Bambo

Galimoto imene bambo anandisiyira ndi yakale kuposa ine. Ndi yobiriwira, mabampala ake achitsulo chonyezimira, giya yake ili pachiwongolero. Ukalowamo masana a Okutobala kuno ku Salima, umapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Bambo ankati kutsitsa magalasi n'kokwanira.

Chaka chimene mwana wanga wamkazi ankakwatiwa ku Khombedza, amayi anga anali atayamba kudwala kuthamanga kwa magazi. Anakomokapo kawiri ndi kutentha, kamodzi m'tchalitchi momwe. Adokotala anatiuza mosapsatira kuti m'galimoto yotentha asakweremo. Akuchimuna anatibwereka yawo yatsopano, yozizira bwino m'kati. Amayi anakanitsitsa.

"Ine ndikwera ya mwamuna wanga. Ikakhala ina, mukavine nokha."

"Ndiye tiikemo eyakoni, Amayi."

"Ungokhudza kanthu kamodzi mmenemo, undiona. Anaisiya choncho, ikhale choncho."

Ndinapsa mtima, ndinatuluka panja n'kukalipira nkhuku zosalakwa. Ukali umenewu ndinayamwira kwa iwo omwewo. Koma ukwati wa mdzukulu wawo woyamba uchitike iwo ali kunyumba? Kapena ndiwanyamule n'kukawatsitsa atakomoka? Zonse ziwiri zinkandiopsa.

Ine ndimagulitsa nsomba, ndipo kunyanja kuno kuli mmisiri wina wachikulire amene amatikonzera mafiriji. Ndinawafotokozera zonse. Anaizungulira galimoto ija, analowa pansi pake chagada, n'kutuluka akuseka.

"Achemwali, ndiye mukufuna mphepo yosadziwika kochokera?"

"Yomweyo. Amayi akangoona kabawuti kachilendo, ine ndi inu madzi achita katondo."

Amayi ndinawanamiza kuti galimoto yapita kukakonzedwa mabuleki. Zipangizo tinakagula ku Lilongwe. Kompuresa anaimangirira pambali pa injini n'kuipaka utoto wakuda kuti ifanane ndi zinzake. Kabokosi kozizitsa anakalowetsa kuseri kwa dashibodi. Mphepo inkatulukira pa timabowo ta sipika ya wayilesi imene inafa kalekale, ina kumiyendo. Swichi anaibisa pansi pa mpando wanga. Poonekera sanaboolepo paliponse. Titaiyesa pa msewu wa tala ndinamva kuzizira m'maondo, ndipo ndinakuwa ngati wamisala. Ndinkaona ngati ndamaliza.

Kumene tinalakwitsa n'kwakuti tinaiyesa ikuthamanga. Galimoto ya ukwati kwathu kuno sithamanga. Ikangopatuka pa tala, amayi a m'mudzi amaichingamira, kuyala zitenje panjira, kuimba ndi kuvina kutsogolo kwake, woyendetsawe n'kumakwawa m'mbuyo mwawo. Ine wobadwira konkuno ndinaiwala zimenezi! Ndinadzidzimuka kutatsala masiku anayi, nditatsekerezedwa ndi ngolo ya mpunga panjira yopapatiza ya ku Chinguluwe. Kamuvi kosonyeza kutentha kanakwera mpaka pofiira, madzi a mu redieta n'kuyamba kubwata.

Ndinafika kwa amisiri aja ndikutukutira.

"Mwandipha, abambo! Chinthu chanuchi chikuphika injini!"

"Ndakuphani ine? Munandiuza kuti izidzayenda liwiro la munthu wapansi?"

Anandifotokozera kuti galimoto ikamayenda pang'onopang'ono mphepo sifika ku redieta, pamene eyakoni ikuilemetsa injini. Tsiku lomwelo anaika fani yamagetsi kutsogolo kwa redieta, mobisika bwino. M'mawa mwake anati tikaiyese mwaukwati. Tinapita kwa Maganga dzuwa lili paliwombo. Amisiri aja anamanga chitenje changa m'chiuno n'kuyamba kuvina pakati pa msewu, ine ndikukwawa m'mbuyo mwawo. Anthu a panjinga ankaima n'kumafa nazo zoseka. Tinayenda choncho ola lathunthu. Kamuvi sikanasunthe.

Tsiku la ukwati ndinayatsa zonse amayi asanatuluke m'nyumba. Analowa kutsogolo, anasisita dashibodi ndi dzanja, anatsegula kabokosi ka mapepala n'kukatseka. Kumbuyo kunakhala mng'ono wawo, amayi aang'ono. Ndinawauza kuti magalasi akhale otseka kuopa fumbi pa zovala. Amayi anangoyang'ana kutsogolo.

Titapatuka pa tala zinali monga ndinkayembekezera. Chinamtindi cha amayi, nthungululu, zitenje pansi. Panja anthu thukuta lili kamukamu, ena akudzikupizira mphepo ndi mipango. Ine diso limodzi panjira, lina pa amayi. Nkhope yawo inali youma, akupuma bwinobwino, chala chikugunda pa bondo motsatira nyimbo.

Amayi aang'ono nyimbo ija inawalowa, anayamba kupukusa chotsitsira galasi kuti aimbe nthungululu. Amayi sanacheuke n'komwe.

"Tseka iwe! Ukutulutsa mphepo ya mwana wanga."

Ndinaponda buleki mwadzidzidzi, tonse tinagwedezeka.

"Amayi, mwadziwa?"

"Ndakalamba, koma maondo angawa amamva. Ndafufuza paliponse, sindinaone pamene mwaboola." Anasisitanso dashibodi. "Bambo ako akanayamba n'kukalipa. Kenako akanakana kutsikamo. Tiye, anthu akudikira."

Pakhomo pa tchalitchi ndinathamangira mbali yawo kuti ndiwagwire dzanja. Anandikankha. Anatsika okha, anakonza duku, n'kulowa pakati pa amayi aja akuvina, mpaka anakafika pamene panaima mdzukulu wawo atavala zoyera. Mwanayo atawaona anaiwala za ulemu wa mkwatibwi, anawakumbatira akulira.

Ine ndinabwerera m'galimoto misozi ili chuchuchu, ndili wokondwa kuposa tsiku la ukwati wanga womwe. Ndinaliza hutala, ndinalizanso, osaleka, mpaka ankhoswe anabwera kudzandigogodera pagalasi kuti abusa akufuna kuyamba.