Makalata Amene Ndinakulungira Nyemba

Achemwali anga anali katswiri wa mbewu. Ankagwira ntchito pa malo ena ofufuzira zaulimi, koma Loweruka lililonse ankabwera kwathu ku Ndunde ndi timabotolo ta nyemba, n'kumazibzala m'mizere kuseri kwa nyumba. Mzere uliwonse unali ndi kachikwangwani kake. Ankafuna kupeza nyemba yosafumbwa msanga, ndipo anaipeza.

Kwa zaka zambiri anali pa chibwenzi ndi mphunzitsi wa filosofi wa pa koleji ina. Bamboyo ankatsika minibasi pa Namadzi, buku lili m'khwapa. Akafika ankakhala pa mpando m'mbali mwa munda, achemwali akupalira, iye n'kumawafunsa ngati nyemba imadziwa kuti ndi nyemba. Achemwali ankaseka. Ine ayi.

Poti ndine mwini mbumba, ndinamufunsa kangapo kuti ankhoswe ake abwera liti. Yankho lake linali limodzi, lakuti chikondi chenicheni sichifuna mboni. Kenaka tinangomva kuti wakwatira ku Limbe, mboni zitadzaza tchalitchi. Kwathu anasiya kubwera, koma makalata sanasiye kulemba, ndipo achemwali sanayang'anenso mwamuna wina.

Achemwali atadwala, iye sanabwere. Anaoneka tsiku loika maliro awo. Anthu akubalalika, anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, m'nyumbamu muli makalata anga. Ndi nkhani za anthu awiri, musalole kuti zifike kwina."

"Alamu? Nkhoswe yanu ndi ndani, bambo?"

Anayang'ana nsapato zake. Ndinamuuza kuti abwere pakatha milungu iwiri.

Makalatawo ndinawapeza m'sutikesi, omangidwa bwino ndi kansalu. Pambali pake panali zitini za mbewu ija. Achemwali anali atandiuza ali m'chipatala kuti ndidzaigawire amayi a m'dera lathu mvula isanagwe. Zoti ndidzaikulungire m'chiyani sananene. Manyuzipepala akale analimo m'nyumbamo. Sindinawakhudze.

Ndinakhala pakhonde masiku atatu. Kalata iliyonse inalandira nyemba zodzaza dzanja. Sindinang'ambe ngakhale imodzi, kuti tsiku lolembera lizioneka pamwamba, dzina la bamboyo pansi. Ndinagawira amayi a mpingo wathu, anansi, ndi amayi ogulitsa masamba pa msika wa Namadzi. Kaphukusi kamodzi ndinapatsira mayi wina wopita ku Limbe, amene ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi mkazi wa bamboyo. Kalata ya mmenemo ndinaisankha mosamala.

Tsiku lija litakwana, bamboyo anabwera atavala jekete. Ndinamupatsa mpando womwe uja wa kumunda, kenaka kaphukusi komaliza. Atakamasula, nyemba zinakhuthukira pa miyendo pake. Anawerenga mzere woyamba n'kufunsa kuti enawo ali kuti.

"Afunseni amayi a kuno. Ena ali pa msika. Imodzi mukaipeza kwanu."

Anandiuza kuti ndanyoza wakufa. Ndinamuyankha kuti wakufayo anagona m'chipatala miyezi itatu akuyang'ana kukhomo. Kenaka ndinamupempha atole nyembazo, poti mbewu sataya. Anatola, atagwada, imodziimodzi.

Zimene zinachitika ku Limbe sindinazifufuze. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa Namadzi satsikanso. Nyemba zija zinabereka bwino, ndipo sizifumbwa msanga. Amayi a pa msika anazipatsa dzina lochokera m'makalata momwemo. Mukafuna kugula, mungonena kuti mukufuna "sichifuna mboni."

Ine ndimabzala mizere inayi chaka chilichonse. Kupepesa sindinapepese.