Tsitsi la Amai Daka

Azakhali anga ndiwo anandipezera ntchito pa saluni ina ku Chelstone, poti ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi mwini wake, Ba Mwansa. Poyamba ndinkangosesa ndi kuchapa mathaulo. Kenako Ba Mwansa anandiphunzitsa kuika lilakisa, mankhwala owongola tsitsi aja: kugawa tsitsi panayi, kupaka vaselini pamphumi ndi m'makutu, kuyambira kunkhongo, kutsuka ndi shampu mpaka thovu litayera.

Amai Daka, mphunzitsi wopuma ntchito, ankafuna ine basi, ati dzanja langa n'lopepuka. Koma ankandidetsa nkhawa. Mu Okutobala, ife thukuta lili kamukamu, iwo ankabwera atavala juzi. Ankasinza tikuwaumitsa tsitsi. Nkhope inali yotupikana, nsidze zikutha cha kumapeto. Nditawafunsa anati, "Ni ukulu, mwana wanga. Kuchokela pamene ninaleka kuyenda kumwezi, thupi si yanga."

Loweruka lina anabwera kudzakonzekera ukwati wa mwana wawo. Ndinachita zonse monga anandiphunzitsira, ndipo mankhwala sanakhalitse m'mutu. Pa sinki ndinaona madzi sakutsika. Tsitsi linali litatseka potulukira madzi. Nditapesa, chipeso chinadzaza, pakati pa mutu n'kuonekera khungu.

Amai Daka sanakalipe. Anangoyang'ana pagalasi, misozi ili chuchuchu.

"Iwe, wamuwocha kasitoma!" anakuwa Ba Mwansa anthu onse akumva. "Tenga vintu vako uyende manje manje."

Ndinalira mu minibasi mpaka ku Kabwata, kwa azakhali. Mbiri ilibe miyendo koma inandipitirira: saluni iliyonse imene ndinkagogoda inali itamva kale. Ndinayamba kuluka tsitsi pakhonde la azakhali, mtima uli wowawa.

Patapita miyezi Amai Daka anandipeza pakhondepo, atavala wigi. Kuchipatala anawayeza magazi n'kupeza kuti chithokomiro chawo, kachiwalo ka pakhosi, chinafooka kalekale. Ndicho chinkathothola tsitsi, ndicho chinkabweretsa kuzizidwa ndi tulo. Anawapatsa kapilisi komwa m'mawa uliwonse.

"Sindiwe unalakwa," anatero. "Nawauza na Ba Mwansa."

"Akamba chani?"

"Ati pamalo pako pali kale munthu."

Mpaka lero, mayi wachikulire akakhala pampando wanga, ndimayamba ndapesa tsitsi louma n'kuyang'ana m'chipeso. Likachuluka, mankhwala sindiika, ndimamupempha akayezetse chithokomiro. Ena amakwiya n'kupita kwina, ndipo ndimawasiya apite. Amai Daka tsitsi linamera. Koma ku Chelstone, ukatchula dzina langa, amafunsabe kuti, "Uja anawocha ba ticha?"