Khala ya Pakhomo

Anzanga, ndinaphunzira Human Resource zaka zitatu, koma tsiku loyamba kulandira anthu a interview ndinaiwala munthu pakhonde.

Inali kampani ya zomangamanga ku Woodlands. Mnyamata wamtali, malaya omanga mabatani mpaka pakhosi, anafika msanga. Ndinamuuza kuti, "Imililani apa, nibwela manje-manje." Ndinapita kukagula chips, ndinakumana ndi mnzanga, nkhani zinakoma.

Pobwerera ndinampeza ali chiimire pomwepo, mipando ili pambali pake yopanda anthu.

"Munati manje-manje," anatero akuyang'ana wotchi. "Papita mphindi 52. Sindinakwiye, ndikungofuna kudziwa kutalika kwa manje-manje."

Abwana anga, Ba Kabamba, anali kumbuyo kwanga. Ndinalakalaka nthaka itandimeza ndi chips zanga zomwe.

Dzina lake Omali, wa ku Chelstone. Agogo ake anachokera ku Mangochi, ndiye Chinyanja chake chinali chija cha m'buku. Mu interview sanayang'ane munthu kumaso, maso ali kudenga. Ine pa fomu, pa "eye contact", ndinalemba ziro. Atamufunsa kuti adzakhala ali pati pakatha zaka zisanu, anati, "Sindikudziwa. Koma beam iyo yang'aluka, ndipo mng'alu wake ndi woipa. Musamakhale pansi pake."

Tonse tinasuntha mipando. Ntchito anaipeza.

Patapita sabata anandiuza yekha kuti ali ndi autism. "Mukandiuza chinthu, ndimamva chomwe mwanenacho. Zakuseri kwa mawu sindizimva. Muzindilembera, kapena muzinena mosapita m'mbali."

Ndinayamba kumulembera malangizo a pa site. Kenako timapepalato tinayamba kutalika...

Iye Lachisanu ku mzikiti, ine Sabata ku tchalitchi, Lamlungu linali lathu. Ndikamufunsa ngati wigi yandikhala, ankati, "Yapendekera kumanzere." Anzanga, mwamuna wosanama alipo. Ndinamuona ndi maso angawa.

Koma pa site ankavutika. Ma foreman kukuwa, mapulani kusinthidwa pakamwa, akavala zotseka m'makutu ati ndi wonyada. Kenako kampani ina ya kutali ku Solwezi inamuitana: ofesi yachete, zonse zolembedwa, ntchito yake kujambula mapulani basi.

"Tryness, ndipite kapena ndikhale? Ndichita chomwe unene."

Ine mwana wa ku Kabwata, wozolowera kunyengereredwa, ndinangokweza mapewa. "Yenda chabe. Ine nilibe problem."

Ndinkadikira kuti afunsenso. Amuna onse amafunsa kawiri. Iye anati zikomo, m'mawa mwake anasaina.

Milungu iwiri sindinamuyankhule. Ananditumizira uthenga umodzi: "Ndalakwa chiyani? Ndilembere." Ndikanalemba kuti chiyani? Kuti walakwa pondikhulupirira? Mpaka lero sindidziwa yemwe ndinamukwiyira.

Lamlungu lomaliza anabwera kwathu kudzatsanzika. Anamwa tiyi, itakwana 15 hours anaimirira.

"Ah, ba Omali, mwafulumila bwanji? Nkalani ko," anatero amayi, monga amauzira mlendo aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi.

Anakhala pansi.

16 hours anaimiriranso. "Nkalani, zuba ikaliko," anatero amayi akuloza dzuwa. Anakhala. Amayi anali ndi msonkhano wa azimayi a Dorika ku tchalitchi, chikwama chili kale pamiyendo, akundiponyera diso lija. 17 hours, chimodzimodzi. Tiyi wachitatu amayi anamuthira ngati akulanga kapu.

Ndinamukokera kukhitchini.

"Omali, khala ya pakhomo ni ulemu chabe. Munthu akakamba so, iwe uyankha ati 'next time', wayenda."

Anatulutsa kabuku kake n'kulemba. "Ndiye mlendo akamachoka, 'khala' amatanthauza 'pita bwino'?"

"Ehe."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse, iwe."

"Zikomo. Palibe anandiuzapo. Mwina ndatopetsa anthu ambiri."

Anatsanzika bwinobwino, amayi anatuluka ngati mphepo. Ine ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Minibus ya ku town inali itaima, kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi. Apo m'pamene zinandilowa kuti mawa munthuyu kulibe, ndipo wina wondiuza kuti wigi yapendekera sindidzamupezanso. Kunyada konse kunathera pomwepo. Ndinamugwira mkono wa malaya.

"Omali... khala."

Anandiyang'ana m'maso. M'maso mwenimweni, koyamba, munthu uja ndinamupatsa ziro. Anamwetulira ngati mwana wakhoza mayeso.

"Next time," anatero.

Analowa, nakhala pampando wapawindo, akadali wokondwa. Kondakitala anamenya chitseko, basi inanyamuka, ine kukamwa kuli yasa, mawu oyenera akubwera manje-manje.