Pepala loyenda m'mabenchi

Vernell Gaines anayendetsa basi ya ana asukulu m'tauni ya Harlow kwa zaka makumi atatu, ndipo msewu uliwonse ankaudziwa ngati khonde la nyumba yake. Ndiye pamene andale a kulikulu anajambula mapu atsopano a madera a aphungu, mayiyu sanafune womumasulira. Anangoyang'ana kamodzi n'kuona kuti katauni kawo akadula patatu, chidutswa chilichonse n'kuchimata ku dera lalikulu la kumafamu, kumene mavoti a anthu a ku Harlow akangomira. Malire ena anadutsa pakati penipeni pa msewu wa kwawo. Iye ndi a Roscoe Tatum, nkhalamba ya tsidya lina la msewuwo, anapezeka ali ndi aphungu osiyana, ndipo aphungu onse awiriwo anali asanapondepo ku Harlow.

Kuba kwa dzuwa likuswa mtengo kumeneku kunali kololedwa, poti olemba malamulo ndi omwewonso ankajambula mapu. Njira inatsala imodzi basi: kusonkhanitsa masiginecha okwanira m'boma lililonse, kuti pa chisankho pakhale funso loti ntchito yojambula mapu ichoke m'manja mwa andale. Boma lawo likaperewera, ntchito yonse yagwa. Vernell, wa zaka 74, maondo akulira ngati chitseko chakale, anapita kukatenga mapepala.

Chilimwe chonse anaima pakhomo la sitolo, pokwerera basi, ndi kuseri kwa tchalitchi kumene amakazinga nsomba Lachisanu. Ena ankasaina chifukwa anawanyamulapo ali ana ndipo ankamuopabe. Ambiri ankangodutsa maso ali pafoni. Koma amene anamutopetsa zedi ndi a Roscoe. Iwo anasiya kuvota kalekale, ati voti sinawakonzerepo ngakhale dzenje limodzi la mumsewu. M'mawa uliwonse ankamufunsa ali pakhonde ngati andale ayamba kale kunjenjemera, kuti iwo atulutse nsapato zawo zabwino zokavotera.

Kutatsala masabata awiri, masiginecha anali asanakwane. Lamlungu abusa anapatsa Vernell mpata zolengeza zitatha. Kutchalitchi kwawo chilichonse chimayenda m'mabenchi: mbale ya chopereka, khadi lopepesa wodwala, pepala la amene adzaphike pamaliro. Munthu amalandira kumanzere n'kupereka kumanja. Vernell anachita zomwezo osaganiza kawiri. Anapereka mapepala kubenchi yakutsogolo, iye n'kukhala pansi kupumitsa maondo, kwaya ikuimba. Mapepalawo anabwerera ali ndi mayina mazana atatu ndi kanthu. M'munsi mwa pepala lililonse muli malo amene wosonkhanitsa amasaina, kutsimikiza kuti waona ndi maso ake munthu aliyense akulemba. Vernell anasaina mtima uli mbee. Suja anthuwo ankawadziwa onse mpaka agogo awo?

Pa pepala lomaliza panatsala mzere umodzi. Anawoloka msewu n'kukauza a Roscoe kuti sachoka pakhonde pawo.

"Achemwali, ine ndili ndi zaka 83," anatero a Roscoe. "Mapu amenewo akamadzasintha ndidzakhala ndili kumanda."

"Za kumanda mukaziona komweko, achimwene. Pano sainani."

Anasaina. Ankalemba pang'onopang'ono, moti dzina ndi adiresi zinatenga mphindi zinayi, Vernell atawagwirira pepalalo pabondo. Atamaliza ananena, koma osaseka ngati mwa masiku onse, kuti akuchitira iyeyo, osati andale.

Masiginecha atakwana n'kuperekedwa, amene mapuwo ankawakomera anakamang'ala kukhoti. Anali atamva mphekesera za Lamlungu lija, koma umboni analibe. Zonse zinatsamira pakamwa pa Vernell. Loya wa mbali yake anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti angonena kuti anali m'tchalitchimo ndipo maso ali nawo. Sikunali kunama kwenikweni, anatero. Koma mayiyu anali atakweza dzanja n'kulumbira pa Baibulo, ndipo kwa zaka makumi atatu ankatsitsa ana m'basi chifukwa cha mabodza ang'onoang'ono kuposa limenelo.

Loya wa mbali inayo anamufunsa mwaulemu wonyansa, ngati akufunsa agogo ake za kuthamanga kwa magazi, ngati anaona dzanja lililonse likulemba.

"Ayi bwana," anayankha Vernell. "Ndinali nditakhala pansi."

Woweruza anataya mapepala onse a Lamlungu lija, lililonse lathunthu. Boma lawo linaperewera mayina osakwana mazana awiri, ndipo funsolo silinafike pa chisankho. Mapu akhala momwemo mpaka kalembera wina wa anthu, zaka zisanu ndi zitatu zikubwerazi, ndipo odzajambula atsopanowo ndi omwe aja. Anthu a kutchalitchi sanamudzudzule. Anangoyamba kumupatsa moni mofatsa kwambiri ngati namfedwa, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Panapita masiku atatu asanalimbe mtima kuwoloka msewu. Anapeza a Roscoe pakhonde, khofi ali m'manja. Nkhani anali ataimva kale pawailesi, koma panali chimodzi chimene ankafuna kumva kwa iye.

"Dzina langa lija munaliona ndi maso anu, si choncho?"

"Ndinaliona."

"Ndiye lokhalo lawerengedwa."

Vernell anafuna kuvomera. Akanangogwedeza mutu, nkhalambayo ikanakhutira. Koma anawauza kuti dzina lawo linali pa pepala limodzi ndi a m'mabenchi aja, ndipo linatayidwira limodzi.

Anadikira kuti amuseke monga mwa masiku onse, ankachita kulakalaka kuti amuseke. Koma a Roscoe sanaseke. Apo m'pamene Vernell anaona nsapato zakuda pambali pa chitseko, zopolishidwa kumene, burashi ili pomwepo. Nkhalambayo inaona kumene maso ake alunjika, ndipo inazikankhira pansi pa mpando ndi phazi.