Botolo la mafuta a mayi

Salaam aleikum nonse.

Lero kuno ku Sanjala achimwene Saide amaboola botolo lagalasi lomwe malemu mayi ankasungiramo mafuta onunkhira. Amafuna alowetsemo kanyali, liziwala pambali pa mpango wa mayi, ajambule foto yoti tidzagawane pa sadaka.

Ine ndimathirira madzi kuti lisasweke. Litangobooka, fungo la mayi linadzaza khonde lonse, chonsecho botololo tinalitsuka.

Ababa, amene chiikireni maliro sakutuluka m'chipinda, anatulukira pakhomo. Anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa motsitsa mawu, "Mayi anu abwera?"

Iwo anatenga botololo n'kulowa nalo m'chipinda, mpaka pano alifumbata pachifuwa.

Foto sinajambulidwe. Abale, tikawapemphe botololo, kapena tingowasiyira?