Goloboyi wa Dzanja Lamanzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chomwe makolo athu anavotera zipani zambiri koyamba, pamene ndinalumbira kuti ndidzagwira mpira wa Zuze, ngakhale kamodzi kokha.

Zuze anali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Banja lake linathawa nkhondo ku Mozambiki n'kudzakhala moyandikana nafe pa Ngabu. Bambo ake, kalipentala wosayankhulayankhula, anakhoma tebulo la mpira wa zidole: bokosi lamatabwa, zitsulo zopingasa, ndi tianthu tosemasema tomenya kampira ukapotoza chitsulo. Linkakhala pansi pa mtengo wa nimu, ndipo dzuwa la kwathu likaswa mtengo zitsulozo zinkawotcha, moti tinkazikulunga ndi tinsanza.

Koma Zuze ankamenya, abale inu! Mpira wake sunkaoneka, unkangomveka kuti kho! m'golo. Pamasewera amenewa goloboyi umamuyendetsa ndi dzanja lamanzere, ndipo langalo linali lolobodoka ngati la khanda.

"Shamwali, goloboyi wako wagona kodi?" ankatero Zuze, akuseka mpaka misozi mbwembwembwe.

Kenaka kunamveka kuti kwawo kuli mtendere, onse othawa nkhondo azibwerera. A Zuze anauzidwa kuti adzanyamuka msika wa thonje ukatsekedwa. Mtima unandipweteka. Mnzangayu achoke akudziwa kuti ndine wongogoletsedwa? Ndinapita kwa bambo ake akupala thabwa.

"Bambo, nditani kuti ndigwire mpira wa Zuze?"

Anandigwira pamfundo pa dzanja n'kuligwedeza. "Maso uli nawo, mwanawe. Koma dzanja ili silinagwirepo ntchito chibadwire. Lipatse ntchito."

Ndiye ndinalipatsadi. Kumjigo ndinkapopa ndi manzere okhaokha, kudzaza ndowa za aliyense, mpaka amayi a kumeneko ankanditcha mkamwini wawo. Zovala ndinkafinya ndi manzere, thonje kutola ndi manzere. Mkono unkachita dzanzi, matuza anatuluka n'kuphulika. Zinafika poipa tsiku lina amalume atandininkha chinangwa, ine n'kulandira ndi dzanja lomwelo. Mayi anandikoka khutu pomwepo. "Iwe Fatsani, ulemu unausiya kumjigo?"

Zuze akapita kunkhuni ndi bambo ake, ndinkathamangira patebulo kukayeserera ndekha, kukankha ndi kukoka goloboyi, kuphunzira kumuimitsa pomwe ndafuna. Pang'onopang'ono chitsulo chinayamba kundimvera. Koma kusewera ndi Zuze ndinasiya. Ndinkafuna adzandione nditapsa, adzadabwe.

"Bwera shamwali, kamodzi kokha," ankandiitana madzulo, akugogoda tebulo ndi kampira.

"Dikira tsiku lomaliza, udzalira," ndinkamuyankha ndikudutsa ndi ndowa.

Tsiku lomalizalo silinadikire msika wa thonje. Lole yodzawatenga inabwera mwadzidzidzi m'mawa wina ine ndili kumunda. Pobwerera masana ndinapeza nyumba yawo ili pululu, chitseko chili chotsegula, pabwalo pali mapazi a matayala. Tebulo lokha ndilo linali pakhonde pathu.

"M'lole munalibe malo, ndiye bambo ake akusiyira iwe," anatero mayi. "Zuze anakufunafuna mpaka kumjigo. Wati ndikuuze kuti udzutse goloboyi wako."

Ndinagwira chitsulo chija, chikutentha, osachikulunga. Dzanja linali lolimba, lokonzeka. Mbali inayo kunalibe munthu. Ndinalira, ndipo mayi sanandiletse.

Tebulolo tinaliseweretsa mpaka chiswe chinalimaliza. Anyamata a pa Ngabu ankachita kubwera m'magulu kudzayesa goloboyi wanga, ambiri n'kubwerera manja ali m'khosi. Ankanditama, koma ine ndinkangodzifunsa: nanga wa Zuze ndikanaugwira? Mpaka lero sindidziwa. Sindidziwanso ngati ali moyo, kaya ali mudzi uti kutsidyako. Ndikamva munthu akuyankhula Chisena mu minibasi ya ku Nsanje, ndimacheuka kumuyang'ana kumaso.

Bambo ake sananame, dzanja ukalipatsa ntchito limalimba, ndipo langali likadali lolimba. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mnzako wa mbali inayo ya tebulo sadikira kuti uyambe wapsa. Madzulo onse aja ankandiitana, ndikanangotula ndowa pansi, andigoletse mmene akanafunira, ine ndimve kuseka kwake kuja.