Ndinauza Loya Zomwe Zinali M'botolo la Killion

Anzanga, Killion ndinakumana naye tsiku lomwe ndinayamba ntchito pa reception ya loji ina ku Kande. Ine wa ku Dedza, Chitonga osachidziwa. Iye dalaivala wa pikapu ya palojipo.

"Mwe uli, asisi?"

Ndinangoti kakasi.

"Muziyankha kuti 'nde umampha'. Lesson yoyamba ndi yaulere."

Mwamuna waukhondo, wa tenor mukwaya, mwana wa a Jobe, mkulu wa mpingo. Kande yense ankadziwa kuti Killion samwa. Kulikonse ankayenda ndi botolo la madzi, alendo n'kumamuyamikira kuti amasamala thupi.

Titakondana miyezi itatu, tsiku lina ludzu litandigwira ndinamwako. Kachasu!

"Ndi wa chifuwa ameneyo, Emmie."

Chifuwa chake sichinkapola.

Mbama yoyamba inabwera nditakhuthula botolo lija. Yachiwiri sindikukumbuka chifukwa chake. Mawa lake ankabwera ndi nsomba ya batala yootcha, n'kugwada. "Babe, ndi satana." Satana wakeyo ankagulitsidwa kuseri kwa msika wa Chintheche.

Lachinayi lina masana, akuchokera kogula za kukhitchini, anagunda bambo wina wa njinga atanyamula thumba la ufa wa kondowole. Mwendo unathyoka pawiri. Anthu anamukokera Killion pansi. Zibakera, mateche, wina akubwera ndi chimwala! Anamulanditsa ndi apolisi apamsewu, omwenso anamupumiritsa m'kamakina kawo koyezera mowa.

Atatuluka pa belo, kunabwera loya wochokera ku Mzuzu, madam Florence. Anandiitana kwa a Jobe. Chaka chonse anali asanandipatseko mpando pakhomopo, koma tsikulo ndinakhala pa sofa.

"Madam, mwana wanga mowa saudziwa," anatero a Jobe. "Makinawo ndi owonongeka. Apongozi anga awa akachitira umboni."

Apongozi... ine!

Mumvetse, anzanga. Iwo khoti sankaliopa kwenikweni. Ankaopa seshoni ya mpingo, kuti mwana wa mkulu wa mpingo adulidwa, dzina lake n'kuwerengedwa Lamulungu anthu onse akumva.

"Ada, tatipatsaniko mpata," anatero loya. A Jobe atatuluka, loya anatembenukira kwa Killion.

"Achimwene, ine ndili mbali yanu. Koma zomwe mungandibisire muno ndikakumana nazo kukhoti, ndipo wokagona ku ndende ndinu. Mumamwa?"

"Ayi madam."

"Nanga manjawo akunjenjemera chiyani?"

"Malungo."

Loya anandiyang'ana ine.

"Asisi, kumeneko mukalumbira mutagwira Baibulo. Mukakanama, mlandu ndi wanu. Amamwa?"

Killion anandiponda phazi kunsi kwa tebulo, n'kudinikiza.

"Amamwa," ndinatero. "Tsiku lililonse. Akapanda kumwa m'mawa, chiwongolero sangachigwire."



"Yewo," anatero madam Florence, akulemba. "Apa ndiye ndapeza poyambira. Muvomera mlandu. Mukapepesa bambo munawathyola mwendo aja. Muyamba kupita kuchipatala cha ku Mzuzu chothandiza omwe mowa wawagwira, ndipo kalata yake ndikaionetsa kwa majisitireti. Ili ndi vuto lofunika thandizo, osati pemphero la pakhomo lokha."

Killion anagwedeza mutu mwaulemu. Loya atanyamuka, Killion anati andiperekeze pa siteji.

Titalowa kanjira ka m'munda wa chinangwa, anandigwira tsitsi.

"Wandivula pamaso pa anthu, hule iwe!"

Chibakera choyamba chinandipeza pakamwa. Nditagwa, anayamba mateche. Tsikulo anali asanamwe, anzanga. Satana kunalibe. Anali yekha Killion.

Anandipulumutsa ndi amayi awiri omwe ankachokera koviika chinangwa. Mmodzi anamuphwanyira beseni kumsana, winayo akukuwa. Dzino langa linatsala m'mundamo.

Kukhoti anavomera mlandu. Madam Florence anayankhula za matenda ake, kalata ili m'manja. Anamulanda laisensi, koma ku ndende sanapite. Panja a Jobe anathokoza Mulungu, kenako loya. Ine anandidutsa ngati mtengo.

Madam Florence okha ndi omwe anaima, n'kuyang'ana mlomo wanga wosokedwa.

"Pitani kupolisi lero lomwe. Mlandu umenewo ine sindimuimira."

Ndinapita. Tsiku la mlanduwo kukhoti ndi mwezi wamawa.

Anzanga, loya muuzeni zoona, zimathandizadi, ndaona ndi maso anga. Koma mwamuna amene akufuna mukamunamire mutagwira Baibulo sakufuna mkazi. Akufuna pobisala.

Sabata yatha Killion wanditumizira message.

"Emmie, ndakukhululukira. Bwerera."

Iye. Wandikhululukira ine.